Amayi Ankagwada Kumbuyo

Fungo la chikopa chonyowa anthu ambiri amalithawa, koma ine likandipeza, ngakhale pamsika wa m'tauni pomwe akusenda mbuzi, ndimayamba ndaima, chifukwa limandibweretsera agogo anga aamuna, a Zakeyu, atakhala pakampando kawo pafupi ndi khola, chikopa cha ng'ombe atachikhomera pansi, nkhungu ya m'mawa ikutsetsereka kuchokera kumapiri a ku Mozambiki, utsi wa zitsononkho ukukwawa pabwalo. Mudzi wathu unali kumtunda kwa Lizulu, kumene kuzizira kwa mwezi wa Juni kumang'amba milomo ndi zidendene. Agogo ankapala zikopa ndi kasemasema, kuzifufuta ndi mafuta mpaka zitafewa, kenako n'kudula zingwe za magoli ndi zikwapu. Ngolo zambiri zotsitsa kachewere kumsika zinkayenda ndi zingwe zawo. Kukacha, chinthu choyamba kumveka pakhomo pathu sichinali tambala, chinali kasemasema uja: khwee, khwee, khwee.

Manja ogwira kasemasemayo anali a mitundu iwiri. Agogo anali ndi mawanga oyera pakhungu, amene anayambira kunsonga za zala ine ndisanabadwe, n'kukwera m'zigongono ndi m'khosi. Sankapweteka, sankayabwa, kungoti dzuwa likawomba kwambiri ankafiira. Koma pakamwa pa anthu ndiye panalibe mpumulo. Ena ankati agogo anadya nyama yomwe a chiwongo chathu sadya, nthawi yomwe ankagwira ntchito ku Halale. Ena ankanong'ona za khate, ngakhale kuti kuchipatala cha mishoni anawabayabaya ndi singano n'kunena poyera kuti si khate ayi. Pamowa ankawapatsa chipanda chawochawo. Ngakhale anyamata a chipani, aja ankatchinga pakhomo la msika kufuna makhadi, agogo akatulutsa yawo ankangoiyang'anira patali n'kuwauza kuti adutse. Agogo ankabwera akuseka.

“Anzanga onse makhadi awo anang'ambika ndi kugwiridwa. Yanga ikadali yatsopano.”

Ine mawangawo sindinkawaopa. Ndinabadwa n'kuwapeza, monga ndinapezera mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba. Ndinkakwera pamwendo pawo, kuwagwira ndevu kuti andiyang'ane, n'kumatsata mawanga ndi chala: ili ndi dimba lathu, ili ndi dambo, ili lalikululi ndi Joni kumene kuli bambo anga. Iwo ankanditchula akazi awo, monga amachitira agogo ndi mdzukulu.

“Akazi anga, mwadzuka? Nanga phala langa lili kuti? Ndikusiyani ine, ndikakwatira ku Tsangano.”

“Pitani! Akakuthamangitsaniko ndi fungo lanulo!”

Ankaseka mpaka kutsokomola. Ndinkawakonda agogo amenewa kuposa mmene ndingathe kufotokozera, ndipo ndimawasowa mpaka lero.

M'mawa wina anaimika kasemasema n'kundifunsa kuti, “Kodi atimba aja anasamukira kuti? Kale kunkacha ndi phokoso muno.” Pamenepo n'kuti atimbawo ali pamutu pawo penipeni, mumtengo wa mapichesi, akulongolola ngati amayi pachitsime. Ndinagwa nako kuseka, poganiza kuti ndi nthabwala zawo zija. Tsiku lina anati anthu a masiku ano amalankhula ngati ali ndi kachewere wotentha m'kamwa. Apanso ndinaseka. Ndikanadziwa bwanji? Ine polankhula nawo ndinkakhala pamphuno pawo, ndikukuwa monga amachitira mwana aliyense. Amuna odzagula zingwe ankaima kutsogolo kwawo ndi mawu a besi. Azakhali anga a Dolofe, mlongo wawo wa bambo, amene anakwatiwa mudzi woyandikana nawo, mawu awo ankamveka kutsidya kwa dambo. Onsewa agogo ankawamva. Munthu mmodzi yekha ndiye ankalankhula motsitsa, ali patali, ali kumbuyo, nkhope atayang'ana kumbali. Munthuyo anali amayi anga.

Amayi, a Nabanda, anali ochokera kupitirira Dedza, kwa Achewa, kumene mwamuna ndiye amapita kukakhala kwa mkazi. Bambo anawaperekera ng'ombe n'kubwera nawo kwathu kwa Angoni, ndipo ine nditangoyamba kuyenda, iwo anakwera ulendo wa kumigodi ku Joni. Agogo aakazi anali atamwalira kale, choncho wowaphikira ndi kuwatungira madzi agogo anali amayi. Malamulo a mtengwa anawaphunzitsa ndi azakhali a Dolofe, ndipo amayi, poopa kuti anganenedwe kuti Achewa alibe mwambo, anawasunga kuposa eni ake. M'khola sankalowa. Kutsogolo kwa apongozi awo sankadutsa. Kumaso sankawayang'ana. Dzina lawo ndiye sankalitchula ngakhale kutulo. Kumsonkhano wa amayi a mpingo akafika pa nkhani ya Zakeyu wa m'Baibulo, ankati, “munthu wamfupi uja anakwera mumkuyu,” anzawo n'kumabisa kuseka m'mipango.

M'mawa uliwonse ankabwera mwakachetechete, kugwada pafupi ndi nkhokwe kumbuyo kwa agogo, kuwomba m'manja pang'onopang'ono, n'kunena ndi mawu awo ofewa aja kuti, “Bambo, madzi ali kubafa.” Kale agogo ankayankha osatembenuka, “Zikomo, Nabanda.” Ndinkakonda kumva mawu awiriwo akukumana pamwamba pa chikopa. Koma chaka chimene mawanga anafika kumaso, n'kuzungulira pakamwa ndi m'maso mpaka m'makutu, yankho lija linayamba kusowa. Lero limveka, mawa ayi. Kenako linatheratu. Amayi ankagwada mpaka mawondo kuchita dzanzi, kubwereza kachiwiri, kenako n'kudzuka mwaulemu kupita kukhitchini. Kumeneko ndinkawapeza akupukuta m'maso, akunamizira utsi.

“Ndinawalakwira chiyani bambowa, Felesiya? Anakuuzapo?”

Kenako agogo anachita chinthu chimene chinawabaya amayi pamtima. Anayamba kutsuka okha mbale yawo ndi kapu yawo, n'kumazisunga m'nyumba mwawo. Anandiuza kuti chakudya ndizikatenga ndine. “Amayi anu asamavutike ndi ziwiya zanga,” anatero, akuyang'ana pansi. Ndinakanena mawuwo kukhitchini monga ndinawamvera. Amayi anakhala pansi n'kugwira pakamwa. Kwathu munthu akakana kuti ugwire mbale yake, ndiye kuti akukuganizira zoipa.

Zinthu zinafika poipa nthawi yokumba kachewere. Kunabwera munthu panjinga kudzanena kuti amayi awo a amayi, agogo anga a ku Dedza, akudwala kwambiri ndipo akuitana mwana wawo. Mtengwa sachoka pamudzi popanda chilolezo, ndipo mwamuna akakhala kutali, wopereka chilolezo ndi apongozi. Azakhali a Dolofe anali atatengedwa palole pamodzi ndi amayi ena kukavina kumsonkhano wa mtsogoleri wa dziko, ife ana a sukulu n'kuti tikuswera kuphunzira nyimbo za msonkhano womwewo. Amayi anagwada pamalo awo aja n'kupempha. Kasemasema sanaime. M'mawa mwake anapemphanso, akulira, ndipo kasemasema anangopitiriza. Nkhani ya akuluakulu sakanaituma mwana. Amayi anangoti apongozi akana.

Munthu wa panjinga uja atabweranso, anabwera ndi uthenga wa maliro. Iyeyu, pokhala mwamuna, anaima kutsogolo kwa agogo n'kunena mokweza. Agogo anaponya kasemasema pansi, n'kufunsa ndi mawu amene anamveka mpaka kukhitchini, “Ha! Ankadwala? Nanga bwanji osandiuza?”

Ndinaona nkhope ya amayi pamene mawuwo anawafika. Sanalire. Anangomanga mpango wawo mwamphamvu n'kutuluka. Agogo anagwira mbuzi kuti ipite kumaliro, koma iwo sanapite, chifukwa pagulu la anthu osawadziwa ankadziwa mmene manja amabwerera m'mbuyo iwo akapereka moni. Kwa amayi, kusapitako kunali chipongwe china pamwamba pa chinzake.

Anabwerako atameta, ataonda, ndipo anauza azakhali kuti abwera kudzatenga katundu wawo. Azakhali analankhula zambiri, zoti banja n'kupirira, zoti mchimwene wawo akadzabwera adzamuuza chiyani. Amayi anati munthu amapirira njala ndi usiwa, koma sangapirire kukhala ngati galu pakhomo pamene wakalambirapo. Pamenepo azakhali anaumitsa nkhope.

“Chabwino, mlamu, njira ndi iyo. Koma mupite nokha. Mwanayu ndi wa ng'ombe zathu.”

Ndinali nditakhala pamphero, ndikusenda nyemba, ndipo ndinamva zonse. Kuyambira pomwepo sindinawasiye amayi. Kuchitsime ndinali nawo, kudimba ndinali nawo, ngakhale akalowa kubafa ndinkakhala pakhomo nditagwira nsalu yawo. Ndinkaganiza kuti ndikawagwira mokwanira, sangapite.

Tsiku lonyamuka kunali mphepo yoluma. Amayi anamanga phukusi lawo m'chitenje, mapoto awiri ndi zovala, n'kupita kukatsanzika. Ngakhale mtima utawawa chotani, mwambo sanausiye: anagwada pafupi ndi nkhokwe, kuwomba m'manja, n'kunena kuti, “Bambo, ine ndapita. Mutsale bwino. Mwanayo mumusamale.” Agogo anali atawerama pachikopa, msana uli kwa ife. Khwee, khwee. Amayi anadzuka, kusenza phukusi, n'kulunjika kanjira kotsikira kumsewu wa basi.

Ndinathamanga kuti ndiwagwire, koma azakhali anandikumbatira m'chiuno. Ndinalira kulira kumene sindinalirenso m'moyo mwanga. Ndinamenya miyendo pansi, ndinaluma dzanja la azakhali, nkhuku zinabalalika, galu anayamba kuuwa. Nditaona kuti amayi sakutembenuka, ndinaitana munthu yekhayo amene sanandikanepo kanthu.

“Agogo! Agogo inu! Amayi akupita! Agogooo!”

Anali pafupi, poti munthu akhoza kuwagenda ndi chitsononkho. Msana wawo sunagwedezeke. Dzanja linkangopita ndi kubwerera pachikopa.

Amayi anaima. Anatembenuka pang'onopang'ono, phukusi lili pamutu, ndipo sanayang'ane ine, anayang'ana msana uja. Ankawadziwa apongozi awo. Awa anali munthu amene ine ndikangolasidwa ndi minga ankadumpha mpanda ngati mnyamata. Akhoza kudana ndi mtengwa, koma kulira kwa mdzukulu wawo sakanakumva n'kukhala chete. Amayi anatula phukusi. Anabwerera mpaka pankhokwe paja, koma ulendo uno sanagwade. Anaima chilili, kukoka mpweya, n'kutulutsa mawu amene anali asanatulukepo m'kamwa mwawo.

“A Zakeyu!”

Azakhali anandisiya n'kugwira kumutu. “Mayo ine! Mlamu, mwapenga?”

Agogo anauzira fumbi pachikopa n'kupitiriza kupala.

Pamenepo amayi anayenda mozungulira chikopa chija, kudutsa pomwe sanadutsepo, n'kukagwada kutsogolo kwawo penipeni, mawondo atagunda zikhomo. Anadzutsa nkhope n'kuwayang'ana m'maso. Agogo anadzidzimuka mpaka kasemasema anawapulumuka, ndipo chinthu choyamba chimene anachita chinali kuphimba pakamwa pawo ndi dzanja, pamene panali mawanga aakulu aja. Chimenechi ndikachikumbukira mtima umandipweteka.

“Bambo,” amayi anatero mokweza, “mukundimva?”

Agogo anawayang'anitsitsa milomo. Dzanja lija linatsika pang'onopang'ono.

“Mukulankhula ndi ine, Nabanda?”

“Ndakhala ndikulankhula nanu tsiku ndi tsiku.”

“Ayi,” agogo anapukusa mutu. “Munasiya. Chifikireni zinthuzi kumaso kuno, mumangosiya madzi n'kuchoka. Ine ndinati mwina ndikukunyansani. N'chifukwa chake ndinachotsa mbale zanga, kuti musamavutike mtima pozigwira.”

Amayi analoza pankhokwe paja, pamene mawondo awo anali atakumba timaenje tiwiri m'dothi. “Ndinkagwada apo. Amayi anga akudwala ndinakupemphani, bambo. Ndinakupemphani ndikulira kuti ndikawaone asanafe.”

“Munandipempha ine?”

“Inuyo.”

“Ine n'kutani?”

“Munkapala chikopa.”

Mwamuna wa Chingoni salira pamaso pa akazi, timamva choncho. Agogo anayang'ana timaenje tija nthawi yaitali, kenako anayang'ana phukusi lili panjira, anayang'ana ine ndi mamina anga, ndipo anamvetsa zonse popanda wowafotokozera. Misozi inatsika m'mawanga muja mpaka m'ndevu, osaipukuta. Anagwira makutu awo onse awiri ngati akufuna kuwazula.

“Ndiye kuti si atimba anasamuka,” anatero chapansipansi. Kenako anakweza mawu. “Nabanda, ndinakulandani amayi anu ndili chikhalire ngati chitsa. Sindingakuuzeni kuti khalani, ndilibe pakamwa ponenera zimenezo. Ngati mtima wanu wapita, pitani. Koma mwanayu mupite naye.”

“Bambo!” azakhali anakuwa. “Nanga ng'ombe zija?”

Amenewa anawamva bwinobwino. “Dolofe, ng'ombe sinayamwitsepo munthu. Ndalekanitsa kale mwana mmodzi ndi mayi wake. Sindichitanso kachiwiri.”

Ine ndinathamangira kwa amayi n'kukwirira nkhope m'khosi mwawo, ndikudikira kumva kuti tikupita kapena ayi. Kunena zoona, kulikonse kunali kwabwino kwa ine bola ndili nawo, komabe ndinkasuzumira agogo ndi diso limodzi, poganiza kuti mawa adzadzuka opanda wowakoka ndevu. Amayi anakhala chogwada nthawi yaitali, akulira mwakachetechete. Basi ya ku Dedza inalira hutala kumsewu, n'kudutsa. Kenako anandikankha pang'ono.

“Felesiya, kalowe m'nyumba mwa agogo ako. Ukatenge mbale yawo ndi kapu, ubwere nazo kukhitchini.”

Patapita masiku ochepa agogo anavala jekete lawo la kutchalitchi, n'kupita ndi amayi mpaka kwawo kukapepesa maliro. Anapereka moni kwa aliyense, wolandira ndi wobweza dzanja yemwe, ndipo amayi anandiuza kuti pamanda anagwada n'kulankhula ndi malemuwo mokweza, kupepesa ngati akuwaona.

Kuyambira pamenepo amayi ankabwera kutsogolo. Ankagwada, inde, koma maso ali pa apongozi awo, n'kunena momveka kuti madzi ali kubafa. Kuchitsime ananenedwa mpaka kutopa: mtengwa wopanda mwambo, Mchewa woyang'ana apongozi m'maso ngati mnzake. Amayi ankangosenza ndowa yawo. Bambo atabwerako ku Joni anaima pakhomo ndi sutikesi m'manja, kukamwa yasa, poona mkazi wawo ndi bambo awo atakhala moyang'anana, akukangana za mbewu ya kachewere. Dzina lija lokha amayi sanalitchulenso mpaka imfa yawo.

Makutu a agogo anapitirira kutsekeka, mpaka ngakhale azakhali a Dolofe anagonja. M'zaka zawo zomaliza ankamva ndi maso basi, ndipo milomo imene ankaiwerenga bwino kuposa yonse inali ya amayi. Alendo akabwera, ankayang'ana kwa amayi kuti awabwerezere. Ndikabwera kutchuthi kuchokera kusekondale ankandikhazika kutsogolo kwawo n'kunena kuti, “Akazi anga, ndiuzeni zonse. Musafulumire.” Ndinkawauza za aphunzitsi, za nyemba zofumbwa za kusukulu, ndipo ankaseka pamalo oyenera kuseka. Sindinaonenso munthu womvetsera ngati gonthi ameneyu.

Ndili mayi wa ana kale, namwino wina kuchipatala, tikucheza za munthu wa mawanga amene anadutsa pakhonde, anandiuza kuti nthawi zina anthu otere makutu awonso amafooka, chifukwa chimene chimapereka mtundu pakhungu chimapezekanso m'kati mwa khutu. Anangonena modutsa, akulemba zake. Ine ndinatuluka n'kukakhala pabenchi panja. Sinali nyama ya chiwongo, sichinali chidani, sichinali chipongwe. Ndinalakalaka nditakwera basi nthawi yomweyo, kukawapeza onse awiri pabwalo paja n'kuwauza, koma n'kuti onse atagona kale kumanda a kwathu, motalikirana pang'ono.

Chaka chatha mwana wanga wamwamuna anabwera ndi mkazi. Mkaziyo ndi mwana woleredwa bwino, wa ku Mlangeni. M'mawa woyamba ndili pakhonde ndikusankha mpunga, ndinamva kuwomba m'manja kumbuyo kwanga, ndi kamawu kofewa kakuti tiyi wapsa. Nditatembenuka ndinamupeza atagwada patali, nkhope atayang'ana kukhoma. Lichero linatsala pang'ono kundigwa.

“Bwerani kuno, mwanawe. Kutsogolo kuno. Mukamalankhula nane muzindiyang'ana.”

Anasendera mwamanyazi, n'kufunsa monong'ona, “Pepani amayi, kodi makutu amakuvutani?”

“Ayi, ndimamva bwinobwino,” ndinatero. “Koma bwerani basi.”